A Zuze ndi kabokosi ka pa nsalu ya kwaya

Ndiyambe ndi kupepesa, makamaka kwa inu amayi amene muwerenge danga lino. Ine ndine mwana kwa inu. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, kuchigwa cha Shire, ndipo kwathu anatilera kuti mnyamata satchula za chovala cha mayi wamkulu, makamaka mbali ya nsalu imene imagwera kumbuyo. Masabata ena onse ndimalemba tinkhani tosapweteka munthu, za minibasi, za matope a ku Chinyonga. Sabata ino ndalimba mtima chifukwa ntchito ya munthu amene ndimamulemekeza inali pachiswe, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene zinayambira. Pamene ndaphonya mawu, mundikhululukire.

Ndimagwira ntchito mu shopu ina ya fotokope ku Limbe. Ku Chinyonga kumene ndimakhala, khomo loyandikana ndi langa ndi la a Zuze. Si abale anga enieni, koma tinachokera dera limodzi, choncho ndimawaitana amalume. Iwo ndi mlonda wa masana pa nyumba ina ku Namiwawa, ndipo akhala pa geti limenelo zaka zambiri. Ngati mu Blantyre muno muli munthu wamanyazi kuposa ine, ndi iwowa. Akafuna kubwereka machesi sagogoda. Amangoima panja n'kumakhosomola pang'onopang'ono mpaka nditsegule ndekha.

A Zuze ali ndi mwana wamkazi, Marita, amene amayimba mu kwaya ya ku mpingo kwawo. Loweruka likubwerali kuli chikondwerero cha makwaya a mipingo yosiyanasiyana m'tauni muno, ndipo kwa nthawi yoyamba Marita ndiye atsogolere nyimbo. Bambo ake amafunitsitsa kukamumva. Koma mlonda sapempha tsiku lathunthu. Amapempha maola ochepa, achoke, abwerere geti lisanamusowe. Ndiye anafunika kudziwa nthawi yeniyeni imene kwaya ya Marita idzakwere pa nsanja.

Vuto linali lakuti ngakhale Marita samaidziwa nthawiyo. Okonza mwambowu sanasindikize mapepala a ndondomeko. Zonse anaziika mu khodi ya QR, kabokosi kaja ka timadontho takuda kamene mukukaona masiku ano pa makadi a ukwati ndi pa zikwangwani. Ukalozetsa kamera ya foni pa kabokosiko, foni imakutsegulira tsamba lokhala ndi zonse: kwaya iti iyimba nthawi yanji, khomo lolowera ndi liti, magalimoto aima pati. Anati nthawi za makwaya aziika pa tsambalo kukatsala masabata awiri. Marita anawaphunzitsa bambo ake kagwiridwe kake, n'kuwauza kuti, "Ababa, mukakaona kabokosi kameneka pena paliponse, mungolozetsa foni basi. Simufunika kufunsa munthu."

Nanga kabokosiko anakaika pati? Pa nsalu ya mwambowo.

Ndinene chilungamo, ganizoli nditalimva koyamba ndinaligomera. Ife kuno mwambo uliwonse waukulu umakhala ndi nsalu yake, ndipo amayi amaigula mosanyinyirika. Pepala la pa khoma mvula imalikokolola, ana amaling'amba, wina amamatapo lake la msonkhano wa machiritso. Koma nsalu imayenda. Imakwera minibasi, imalowa mu msika, imafika ku Nancholi ndi ku Bangwe tsiku limodzi. Amene anaganiza zimenezi si munthu wopusa.

Chimene chinaiwalika ndi chaching'ono. Pa nsalu iliyonse ya mwambo, chizindikiro chachikulu chimakhala pakati. Nsalu ikamangidwa m'chiuno, pakati pamagwera kumbuyo. Zakhala choncho kuyambira kale ndipo palibe amadandaula, chifukwa chithunzi cha tchalitchi kapena cha nkhunda munthu amachionera patali n'kumapita. Koma kabokosi aka sikaonedwera patali. Kamafuna kuti uyandikire, uwerame, ugwire foni mosanjenjemera, udikire.

Lolemba ndi tsiku lopuma la a Zuze. Anabwera ku shopu kwathu kuti ndiwathandize kufufuza nthawi ija. Anapeza mzere wa anthu wafika pakhomo, ana a sukulu ndi mapepala awo a mayeso. Ndinawaona pa zenera, ndinawakodola kuti alowe, koma iwo anakweza dzanja kutanthauza kuti ndisavutike, adikira pa khonde.

Nthawi yomweyo mu shopu munatuluka mayi Malunga. Amenewa ndi kasitomala wathu wa nthawi zonse, mlembi wa kwaya ina ya ku Nancholi, mayi wamkulu wolemekezeka, ndipo amabwera kudzachulukitsa mapepala a nyimbo. Tsikulo anavala nsalu ya chikondwerero. Atatsika pa khonde anaima n'kuwerama kuti asankhe nthochi kwa mayi wina wogulitsa pansi.

A Zuze anaona kabokosi. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti china chilichonse sanachione. Anatulutsa foni, analozetsa ali chapatali, sizinatheke. Anasendera. Nsalu inali ndi makwinya, foni inakanabe. Anasenderanso, kenako ananjuta.

Woyamba kuwaona anali mnyamata woitanira minibasi.

"Masteni, tacheukani," anatero mokweza. "Madala awa akukujambulani kumbuyo."

A Zuze anadzidzimuka, chala chinagwera pa batani, foni n'kulira kuti yajambula. Aliyense amene anali pafupi anamva.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, mwaonapo mmene Limbe imasonkhanirana. Wina anawalanda foni. Wina anawagwira kolala. Chipewa chawo chinagwa, khofi linalira pa tsaya. Atatsegula foni anapezadi chithunzi: nsalu, theka la kabokosi, ndi msana wa munthu.

"Ndimafuna ndondomeko," a Zuze amangobwereza. "Ndondomeko ya Marita."

"Ndondomeko imakhala pamenepo?" anafunsa woitanira uja, anthu n'kufa nacho chiseko. "Aise, tamverani madala. Akuti amawerenga ndondomeko."

Ndinatuluka panja. Ndinati, "Pepani akuluakulu, awa ndi amalume anga, ndiloleni ndifotokoze." Sindikudziwa ngati alipo anandimva. Amene anatipulumutsa ndi abwana anga, munthu wa mawu aakulu, amene anawakokera a Zuze mu shopu, kuitanitsa foni ija, n'kutseka chitseko cha zitsulo. Mayi Malunga anamasula mpango wa kumutu, anaumanga m'chiuno kuphimba kabokosi kaja, n'kumapita osacheuka.

Dzuwa lisanalowe, kavidiyo ka zonsezi kanali katazungulira m'magulu a pa foni. Amene anajambula anayambira pomwe a Zuze ananjuta. Lachiwiri m'mawa atafika ku Namiwawa, anapeza adona a pa nyumbapo akuwadikira pa geti, foni ili m'manja.

A Zuze anandibwerezera mawu a adonawo madzulo ake, atakhala pa njerwa pakhomo panga. Akuti anati, "A Zuze, zaka zonsezi sindinakuonenipo vuto. Koma m'nyumba muno muli ana aakazi, ndipo inu ndi amene mumatsala nawo ine ndikapita ku ofesi. Bakhalani kunyumba. Pofika Lachisanu ndikuuzani ngati mubwerere kapena tipeze wina."

Owerenga, kodi adonawo analakwa? Ine ndikuti ayi. Mukanakhala inu, mwaona mlonda wanu atanjuta kumbuyo kwa mayi wa eni ndi foni, mukanamusiyira makiyi? Nkhani iyi yandivuta chifukwa ndafufuza munthu woipa mmenemu, sindinamupeze. Ngakhale woitanira uja ankaganiza kuti akuteteza mayi. Tisaiwale kuti amuna ojambula amayi mobisa alipodi m'tauni muno, ndipo amayi atopa nawo.

Komanso sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikudana ndi timabokosi timeneti. Ine ndimatikonda, mwina kuposa inu nonse, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Miyezi ingapo yapitayo ndinaitanidwa ku ukwati wa mnzanga mu holo ina ya m'tauni. Kwa munthu ngati ine, gawo loopsa la ukwati ndi pakhomo. Ufunse kuti ndikhale pati, wina akuyang'ane nsapato, akufunse kuti ndiwe wa mbali ya mwamuna kapena ya mkazi, anthu a pambuyo pako akumva. Tsikulo khadi linali ndi kabokosi. Mtsikana wa pakhomo analozetsa foni yake, n'kundiuza tebulo langa. Ndinakhala pansi osachita chibwibwi pamaso pa aliyense. Ndinabwerera ku Chinyonga ndikuyamika amene anatulukira nzeru imeneyi.

Ndaonanso pa zionetsero za malonda, mayi wogulitsa uchi ataika kabokosi pa tebulo lake kuti amene wathamanga akamupeze pambuyo pake. Ndaona pa misonkhano mzere wolembetsa maina utatha, anthu akulowa ngati madzi. Zonsezi n'zabwino. Mapepala sawonongeka, ndondomeko ikasintha okonza amangosintha pa tsamba, aliyense n'kudziwa.

Koma taonani malo onsewa: khadi, tebulo, chitseko, khoma. Ndi zinthu zopanda manyazi. Khoma ungaliyandikire mmene ungafunire, silidzacheuka. Tikachotsa kabokosi pa khoma n'kukaika pa thupi la munthu, ndiye kuti tauza mzinda wonse kuti munthuyo ndi khoma. Si amayi a kwaya okha. Mwawaona atsikana olembedwa ganyu pa zochitika za malonda, atavekedwa malaya okhala ndi kabokosi pachifuwa kapena kumsana? Alipo anawafunsa ngati ali omasuka kuti mwamuna aliyense wodutsa awalozetse kamera? Kapena tinangoti poti ndi ganyu, apirira?

Pali chinanso, ndipo ichi chikukhudza ife amanyazi. Kumudzi kwathu sungafunse munthu njira usanamupatse moni. Umayamba wafunsa mmene wadzukira, mmene wawasiyira kunyumba, kenako n'kunena chimene wadzera. Kwa ena zimenezi n'zosavuta. Kwa a Zuze ndi ine, moni kwa mlendo ndi phiri. Ndiye foni itabwera n'kutiuza kuti yankho lilipo popanda moni, tinailandira ndi manja awiri. Marita ananena mwachikondi kuti simufunika kufunsa munthu. A Zuze anamvera. Anaona kabokosi, anaiwala kuti m'kati mwa nsaluyo muli mayi.

Ndadzifunsa ngati ine ndikanachita mosiyana. Mwina sindikananjuta. Koma kupita kutsogolo kwa mayi wosamudziwa n'kunena kuti, "Amayi, ndione nsalu yanu," ndikukayika ngati mawuwo akanatuluka.

Ndipo gulu lija la ku Limbe, kodi linasiyana pati ndi a Zuze? Iwo analozetsa foni imodzi kwa munthu osamupempha. Gululo linalozetsa mafoni ambirimbiri kwa anthu awiri osawapempha, n'kutumiza kwa anzawo. Palibe anafunsa a Zuze kuti Marita ndi ndani. Palibe anafunsa mayi Malunga ngati akufuna kuti nkhani yawo ifike ku Lilongwe. Tonse tazolowera kuloza tisanalankhule.

Lachitatu Marita anabwera akulira, akuti anzake a mu kwaya awazindikira bambo ake. A Zuze sanadye. Ankangoti kavidiyoko kakafika kumudzi kumene kuli akazi awo, adzafotokoza bwanji. Ndinaona kuti munthu mmodzi yekha ndi amene adona angamumvere, ndiye mwini nsalu. Ndinapempha abwana kuti ndiweruke msanga, ndinawatenga a Zuze, ulendo wa ku Nancholi. Nyumba sinavute kupeza. Titangofunsa pa tchalitchi za mlembi wa kwaya, mwana wina anatilozera.

Tinawapeza mayi Malunga akusankha nyemba pa khonde. Anatiyang'ana nthawi yaitali asanatipatse mpando.

"Iwe ndiwe mnyamata wa pa fotokope," anatero. "Ndipo awa ndi ajambuli anga."

A Zuze anakana mpando, anakhala pansi, chipewa chili m'manja. Ndinayamba ine kulankhula. Ndinafotokoza za Marita, za maola ochepa, za adona ndi Lachisanu. Ndinalankhula mwadongosolo mmene ndinakonzera mu minibasi. Nditamaliza, mayiwo anaika lichero pansi.

"Mwanawe, wafotokoza bwino," anatero. "Koma wabwera kudzalira ntchito ya amalume ako. Nanga za ine walira? Msana wanga uli m'foni ya aliyense mu Blantyre muno. Bambo a kunyumba kuno akulephera kudya ndi anzawo kuntchito. Mpongozi wanga, mwamuna wa mwana wanga, wakaona kavidiyoko. Ndidzamuyang'ana bwanji? Zaka zonsezi ndayimba pamaso pa anthu, palibe anandidziwa. Lero ndatchuka ndi kusankha nthochi."

Zoonadi, njira yonse ndinkaganiza za a Zuze okha.

Kenako anatembenukira kwa iwo. "Inu bambo, pakamwa mulibe?"

"Ndili napo, mayi."

"Nanga bwanji simunandipatse moni? Mukanati, mayi, mwana wanga akuyimba nawo, ndithandizeni. Ine ndikanakukanizani?"

"Ndinaopa kukuvutitsani," anatero a Zuze, maso ali pansi. "Munali otanganidwa."

"Ndiye munaona kuti ulemu ndi kundinjutira kumbuyo?"

"Ndinalakwa, mayi. Ndinalakwa kwambiri. Sindinaganize."

"Kuti simunaganize ndiye ndikuvomereza," anatero mayi Malunga. Analowa m'nyumba, ife n'kutsala tikuyang'anana, osadziwa ngati atithamangitsa. Anatuluka ndi nsalu ija itapindidwa. Anati kuyambira Lolemba sanaivalenso. Anaiyala pa mkeka, anaiwongola ndi chikhatho pamene pali kabokosi.

"Chitani zimene mumafuna kuchita zija," anatero. "Ndione."

Ndinafuna kuwathandiza a Zuze, koma mayiwo anandiletsa ndi diso. Anayesa koyamba, zinakanika. Anapukuta kamera ndi malaya, anayesanso. Foni inaganiza pang'ono, kenako tsamba linatseguka. A Zuze anayamba kutsitsa ndi chala, milomo ikuyenda, kuwerenga maina a makwaya limodzilimodzi. Atafika pa kwaya ya mpingo wawo anaima. Pansi pake panali dzina la wotsogolera nyimbo.

"Lufeyo, taona," anandiuza ine, ataiwaliratu kuti ali pa mlandu. "Amulemba. Marita amulemba dzina. Akuyimba masana, chakudya chikangotha."

Anamwetulira mano onse, tsaya lotupa lija lili pomwepo. Kenako anakumbukira pamene ali, anabweza nkhope msangamsanga.

Mayi Malunga anawayang'anitsitsa. Anatola lichero lawo, anasankha nyemba zingapo, n'kufunsa osadzutsa mutu, "Adona anuwo amaweruka nthawi yanji?"

Lachinayi madzulo tinakumana pa siteji, tinapita atatu ku Namiwawa. Kunali kodabwitsa kuona a Zuze akugogoda pa geti limene amatsegula okha tsiku ndi tsiku. Adona anatilandira pa khonde, anaitanitsa tiyi. Anali munthu waulemu, koma nkhope inali yomangika. Mayi Malunga anatulutsa nsalu m'chikwama, anaiyala pa tebulo, anawauza adonawo kuti alozetse foni yawo. Tsamba linatseguka. Kenako anaimirira, anaimanga m'chiuno pamwamba pa diresi, anatembenuka kuti adona aone pamene kabokosi kagwera.

Adona anagwira pakamwa. "Ndani anavomereza zimenezi?"

"Ife tomwe," anatero mayi Malunga. "Ndinali nawo pa msonkhano umene anationetsa. Inali itayalidwa pa tebulo chonchi, tonse tinaombera m'manja. Palibe anaganiza zoimanga kaye."

"Ndiye mwawakhululukira bambowa?"

"Kukhululuka kudakali m'njira, sikunafike," anayankha mayi Malunga. "Ine ndabwera kudzanena zimene ndaona. Ndakhala zaka zokwanira, amuna a maso oipa ndimawadziwa. Awa si amenewo. Awa vuto lawo ndi lakuti akhoza kufa ndi ludzu ali pa mpopi, kuopa kupempha kapu."

Adona anaseka pang'ono, koma anabwezanso nkhope. Anati aneba onse a mumsewumo akaona kavidiyoko, ndipo ana awo nawonso akaona. Anati ayenera kukambirana ndi amuna awo komanso ndi anawo, chifukwa amene amatsala pakhomo ndi iwo. Anathokoza mayi Malunga chifukwa choyenda mtunda wonsewo. Kwa a Zuze anangoti, "Ndikuimbirani."

Ndinakhumudwa, ndisaname. Ndinkayembekeza kuti zithera pomwepo. Koma ndikaganiza bwino, mayi amene amafunsa kaye ana ake aakazi asanabweze mwamuna pa geti, ndi mayi wabwino.

Tikuyenda kupita ku msewu waukulu, mayi Malunga anatiuza kuti alankhula kale ndi a komiti. Akuti agwirizana kuti amayi azimanga nsaluyo mozondotsa mbali, kabokosi kabisike, ndipo asindikiza timabokosi tina pa mapepala oti amate pa zitseko za matchalitchi. Achinyamata amene anakonza nsaluyo akuti anapepesa kwambiri, mmodzi mpaka analira. Ndikupempha kuti tisawanyoze. Anafuna kuti mwambo wa makolo awo udziwike, ndipo ntchito yawo yambiri yayenda bwino. Pempho langa kwa onse okonza zochitika ndi laling'ono: musanasindikize kabokosi pa chinthu chilichonse chovala, muvaleni munthu kaye, ayende, awerame, inu muime kumbuyo kwake ndi foni. Mukachita manyazi inuyo, dziwani kuti malowo si ake.

Mu minibasi yobwerera, mayi Malunga anakhala mpando wa kutsogolo kwathu, pafupi ndi mnyamata wina wovala bwino, wa ku ofesi ndithu. Tisanafike patali, ndinamva mawu otuluka m'foni yake amene ndinawazindikira: woitanira uja akufunsa ngati ndondomeko imakhala pamenepo. Mnyamatayo ankaseka yekha mpaka mapewa kugwedezeka. A Zuze anatsitsa chipewa kuphimba maso.

Mnyamatayo anapendeketsa foni kwa mayi Malunga. "Amayi, mwakaona aka? Madala awa ndi oopsa."

Mayiwo anayang'ana kavidiyoko mpaka kumapeto, osaphethira.

"Mukuwadziwa anthu amenewa, achimwene?" anafunsa.

"Ayi, anangonditumizira."

"Inunso mwatumiza?"

"Kwa anzanga ochepa chabe."

"Chabwino," anatero mayi Malunga. "Mayi wa nthochiyo ndine. Madala oopsawo ali kumbuyo kwanuku. Tembenukani muwapatse moni, ndi aakulu kwa inu."

Anthu onse mu minibasi anacheuka, ngakhale kondakitala. Mnyamatayo anatembenuka pang'onopang'ono. Kenako anati, "Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera bwino, kaya inu," anayankha a Zuze, monga mmene amayankhira aliyense.

Mnyamatayo anatsika pa siteji yotsatira. Sindikudziwa ngati ndi pamene amatsikira.

Inu amene mukuwerenga, mwina kavidiyoko kali m'foni mwanu. Sindikukuweruzani, inenso ndasekapo timavidiyo ta anthu osawadziwa. Ndingokufunsani mwaulemu: anthu awiriwa atakhala nanu mpando umodzi, mungakaonetse?

Usiku wa Lachinayi foni ya a Zuze sinalire. M'mawa kutacha ndinamva kukhosomola panja pa chitseko changa. Nditatsegula ndinawapeza atavala yunifolomu yawo yosita bwino, nsapato zopolishidwa, foni ili m'manja. Adona anali atangoimba kumene. Akuti mwana wamkulu wa adonawo ndi amene ananena kuti geti limenelo silimveka bwino likamatsegulidwa ndi munthu wina.

Ndinawafunsa ngati apempha maola aja a Loweruka. Anapukusa mutu, anati munthu amene wangobwezedwa kumene sayamba ndi kupempha, aona mmene sabata iyendere. Sindinawakakamize. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji.

A Zuze anabwerera pa ntchito yawo ku Namiwawa Lachisanu lapitali, m'mawa.